Pansi pa Matimati a Edith

Chaka chimenecho matimati a Edith anabereka mochititsa mantha. Ndi mmene ankanenera amayi a m'mudzimo akamasuzumira pampanda popita ku mjigo. Ankanena akuseka, koma Edith mawuwo sankawakonda.

Kamundako kanali kuseri kwa nyumba yake, m'mudzi wina wa kufupi ndi Vubwi, pamalo otsetserekera kukhwawa louma. Anakatchinga ndi mpanda waudzu poopa mbuzi, anathiramo manyowa a m'khola, ndipo mbewu yake anagula ku Katete tsiku limene anaperekeza mwana wake Tiwonge kusukulu yogonera komweko. Inali ya mtundu uja wotalika, wosadziwa kuleka kukula. Pofika Okutobala mitengoyo inali itamufika m'mapewa, matsango ali lendelende, matimati ena aakulu ngati chibakera cha mwamuna.

Mtengo wa matimati ulibe nzeru. Umabereka mpaka kudzithyola wokha. Edith ankazidziwa zimenezi, n'chifukwa chake ntchito yake yaikulu sinali kuthirira koma kuchirikiza. Pafupi ndi mtengo uliwonse anazika nsungwi. Kumapeto kwa mzere uliwonse kunali mphanda yonenepa ya muwanga, ndipo pa mphandazo panagona mtanda umene nsungwi zonse za mumzeremo zinamangiriridwako. Luzi ankayamba walinyika m'madzi kuti lifewe, ndipo pomanga ankasiya kampata kolowa chala, kuti tsinde likamanenepa lisakanyangidwe. Tsango likalemera kwambiri ankalikoleka palokha ndi kansalu kong'amba ku chitenje chakutha. M'mawa uliwonse ankayenda mzere ndi mzere, apa kumanga, apa kumasula, apa kuthyola mphukira, mpaka zala zake zinkada bii ndi utomoni wa masamba.

Mphanda zija anamudulira ndi mwamuna wake Osward, kuphiri, nthawi ya chisanu. Osward anali wa ku Sinda, ndipo anabwera kudzakhala chikamwini kwawo kwa Edith. Anali munthu wosachuluka mawu. Masiku amenewo ankalawira m'mamawa pamodzi ndi Martin, mlongo wake wamkulu wa Edith, akuti akuumba njerwa kutsidya kwa khwawa. Ankabwera dzuwa litapendeka, thupi lonse lili dothi lofiira, mpaka m'makutu.

Tsiku lina Edith atalowa m'mundamo anapeza mzere wakumunsi uli pansi. Mtanda unali utagwa, nsungwi zitapendekeka, mitengo itagonerana, ina itang'aluka patsinde. Matimati osapsa anali mbwee. Anayamba waganiza za chiswe, koma atafika kumapeto kwa mzerewo anapeza kuti mphanda sinathyoke ayi. Panalibe. Panangotsala dzenje lake lili yasa, kusonyeza kuti wina anaigwedeza modekha mpaka kuizula. Kumapeto enawo zinali chimodzimodzi.

"Bambo a Tiwonge, munthu angabe mphanda n'kusiya matimati?" anafunsa madzulo ake, akupatsa mwamuna wakeyo madzi akumwa.

"Ndi anthu ofuna nkhuni," anatero Osward, maso ali m'kapu.

"Tchire lonseli, nkhuni akazifune m'munda mwanga?"

"Ndikudulirani zina."

Anaduladi, koma tinali timitengo towonda ta m'mbali mwa njira, tosayenera n'kutchedwa mphanda komwe. Edith anadzutsa mzerewo yekha. Mitengo yong'aluka anaikulunga ndi nsalu ngati mmene amamangira mwendo wa mbuzi yothyoka, ndipo ina inagwiradi.

Sabata isanathe mphanda za mzere wachiwiri nazonso zinasowa. Ulendo uno wakubayo anachita chifundo. Anayamba wamasula mtanda n'kuutsamiritsa pa nsungwi zopingasa kuti mitengo isagwe. Edith anaima nthawi yaitali akuyang'ana mfundo za luzilo. Ndi mbala yanji yomvera chisoni matimati? 

Kenako madzi anayamba kumudabwitsa. Kale akathira ndowa m'kabeseni kadothi kamene anaumba kuzungulira tsinde, madziwo ankaima kaye n'kumalowa pang'onopang'ono. Tsopano m'mizere yakumunsi ankangoti akathira, madzi n'kuzimirira pomwepo, ndi kaphokoso ngati ka munthu womeza. Atapalasa udzu umene anaphimbira nthaka anapeza mng'alu wautali, wolowa chikhatho, ukuyenda mokhotakhota kudula mizere. Nthaka ya Okutobala imang'aluka, zoona, koma osati nthaka yothiriridwa tsiku ndi tsiku. Nsungwi za m'mbali mwa mng'aluwo zinali zitayamba kuweramirana, ndipo luzi limene analimanga bwinobwino linali litakhwefuka, ngati kuti nsungwizo zafupika. Anagwira imodzi n'kuikankhira pansi pang'ono. Inalowa yokha, osakana, mpaka anaisiya ndi mantha.

Anaganiza zambiri. Anaganiza za anthu a nsanje, za zinthu zimene amati amakwirira m'minda ya anzawo. Anayesa kukumbukira amene anakangana naye chaka chimenecho, koma sanapeze.

Masana ena, mudzi uli zii, ngakhale nkhuku zitabisala pansi pa nkhokwe, Edith anabwerera m'munda kukakoleka tsango limene linali pafupi kukhudza pansi. Anagwira nsungwi ndi dzanja lamanzere, luzi ataliluma. Nsungwiyo inanjenjemera m'dzanja mwake. Kunalibe mphepo. Anadikira. Inanjenjemeranso. Anagwada n'kuika khutu pansungwipo, ndipo anamva: gu... gu... gu. Kenako chete. Kenakonso gu, gu, ngati munthu akusinja mumtondo kutali, koma kutali kwakeko kunali pansi pa maondo ake.

Luzi linagwa kukamwa. Anatuluka m'mundamo chafutambuyo, n'kulunjika kwa Lucia, mkazi wa Martin, amene nyumba yake inali kumtunda pafupi ndi khola. Anamupeza pakhonde akuswa mtedza wambewu.

"Alamu, m'munda mwanga muli chinthu," anatero Edith asanakhale n'komwe pansi. "Pansi pakugunda. Ndamva ndi khutu langali."

Lucia sanadabwe. Zala zake zinangoleka kuswa mtedza.

"Alamu," anayankhula motsitsa mawu, "mizere yakumunsi ija musamaithirirenso."

"Chifukwa chiyani?"

"Akuti madzi akumawadonthera m'mutu."

"Ndani?"

Lucia anayang'ana kukhola, anayang'ana kunjira, kenako anaweramira m'lichero mwake. "Ine sindinanene kanthu. Tsikirani kukhwawa, pamene pali mkuyu wakugwa paja. Mukaone nokha njerwa zawozo."

Edith anatsika. Mchenga wa m'khwawa unkawotcha kumapazi. Paseri pa mkuyuwo panali mulu wa nthambi zaminga, ndipo kuseri kwa nthambizo, m'khoma la khwawa, munali dzenje loti munthu n'kulowamo chokwawa. Pakhomo pake panaima mphanda ziwiri za muwanga zitasenza chipika. Pa imodzi pankalendewerabe kansalu ka chitenje chake chakale. Mkati munali bii, mukutuluka mpweya wozizira wonunkha dothi lonyowa. Atakweza maso anaona mpanda wa munda wake pamwamba penipeni pa khomalo.

"Bambo a Tiwonge!"

Kugunda kunaleka. Patapita nthawi kuwala kunaoneka mkatimo kukugwedezeka, ndipo Osward anatuluka chokwawa, tochi itamangidwa pamphumi ndi mphira. Pambuyo pake panali Martin akukoka thumba.

"Njerwa zanu zija ndi zimenezi?"

Osward anangokhala pamchenga. Anayankha ndi Martin.

"Usakuwe, Edith. Ukufuna mudzi wonse ubwere?" Anapisa dzanja m'thumba n'kutulutsa mwala woyera ngati nsangalabwi. Anaulavulira malovu n'kuupukuta ndi chala. M'kati mwa kuyerako munali timadontho tachikasu. "Golide ameneyu. Anthu akuchoka ku Mozambiki, ku Malawi, kudzamufuna m'mapiri muno, ife tikugona naye kuseri kwa nyumba. Mwalawu ukuyenda mumzere, ndipo mzere wake walowa pansi pa munda wako."

"Ndiye mwachirikiza dziko lonseli ndi mphanda za matimati?"

"Tikanapita kuphiri kukasenza mitengo anthu akanafunsa. Komanso muwanga ndi wolimba."

"Ndi wolimba posenza matimati, achimwene!" Anatembenukira kwa mwamuna wake. "Inu munati ndi anthu ofuna nkhuni."

Osward anachotsa tochi pamphumi n'kuizimitsa. Anayankhula akuyang'ana manja ake.

"Amake Tiwonge, ndakhala pamudzi pano kuyambira Tiwonge asanabadwe. Munda ndi wanu. Nyumba ili pamalo anu. Ng'ombe ndi za alamu. Nditafa lero, mwana adzati bambo anga anandisiyira chiyani? Khasu? Tipatseniko masiku ochepa chabe. Mvula isanagwe tikhala titatuluka."

"Nanga ndikauza anthu?"

"Ukauza anthu," anatero Martin, "mawa lomwe alendo adzadza kuseri kwa nyumba yako, ndipo ife tidzatsala manja lende. Sankha wekha."

Edith anakwera kubwerera kunyumba. Sanauze munthu. Mizere yakumunsi analeka kuithirira, ndipo dzuwa silinachedwe kuipeza. Masamba anapiringizika, maluwa anayoyoka, matimati anayamba kuda kumatako. Amayi opita ku mjigo aja ankafunsa ngati watopa nawo, iye n'kumanamizira msana.

Koma chomusowetsa mtendere sichinali matimati. Akamachapa, akamasesa pabwalo, akamaimba kutchalitchi, m'maso mwake munkangobwera timphanda tija titasenza munda wonse, mwamuna wake ali chigonere pansi pake ndi piki m'manja. M'mawa wina anatenga khasu n'kuzula yekha mphanda zonse zotsala, n'kuzisenza imodziimodzi kukazitula pakhomo pa dzenje lija. Mitengo ya matimati inatsala ndi nsungwi zokha. Ina inapirira, koma yolemera kwambiri inatsetsereka ndi luzi lake lomwe n'kukhala pansi, matsango atagona m'fumbi. Osward anaziona mphandazo. Madzulo ake anangotenga zigubu n'kupita ku mjigo kukamutungira madzi, amayi onse akumuyang'ana, chinthu chimene anali asanachitepo chikwatiraneni.

Masiku ochepa aja anakhala sabata, sabata inabala inzake. Madzulo mitambo inkaunjikana kumbali ya Mozambiki, yakuda kunsi, n'kumabalalika yokha kukamada. Nyerere zinayamba kusamutsa mazira ake kukwera nawo m'makoma. Kutentha kwake kunali kuja kosalola munthu kupuma bwino.

"Lero musalowe," ankatero Edith m'mawa uliwonse.

"Tatsala pang'ono," ankayankha Osward.

Tsiku lake linayamba ngati ena onse. Dzuwa litangopendeka mphepo inasintha. Inabwera yozizira, itanyamula fumbi ndi masamba ouma, ndipo nkhuku zinathamangira pakhonde. Edith anasiya mbale zimene ankatsuka n'kuthamangira kukhwawa. Anagwada pakhomo pa dzenje n'kukuwa.

"Tulukani! Mvula!"

Mawu a Martin anabwera ochokera kutali, ngati a m'mbiya. "Tamva! Tikungodzaza thumba!"

Madontho oyamba anagwa akuluakulu, akuboola fumbi. Pamene Edith ankafika pamtunda mvula inali itakhuthuka. Inali chizimalupsa, mvula ija yoyamba imene imabwera ndi ukali wa miyezi yonse imene yakhala isakugwa. Madzi ochoka pamalata ndi pabwalo lonse anasonkhana n'kukhala kamtsinje kofiira, ndipo kanalunjika kumene nthaka inkatsetserekera: pansi pa mpanda, m'munda, mumng'alu muja. Edith anatola khasu n'kuyamba kukumba ngalande kuti awapatutse. Ankakumba ngati wamisala, chitenje chitamatirira m'miyendo, koma akatseka apa madzi ankaboola apo. Mng'alu unkangomeza, osadzaza.

Kenako anaona nsungwi zikuyenda. Zakumanja zinaweramira kumanzere, zakumanzere kumanja, pang'onopang'ono, luzi likuduka thaa, thaa. Panalibe chiphokoso chachikulu. Nthaka inangoti fuu, ngati ng'ombe yotopa ikamagona, ndipo pakati pa mundawo panachita chigwa, matimati, nsungwi ndi matope zonse zitasakanikirana mmenemo.

Edith sanakuwe. Anakuwa ndi Martin, amene anatulukira kukhwawa akukwera chokwawa, matope thupi lonse, magazi akutsika pamphumi.

"Alamu atsala! Anthuni, alamu atsala mkati!"

Anthu anabwera mvula ili mkati, ena ndi makasu, ena ndi mafosholo. Panalibe nthawi yofunsa kuti zakhala bwanji. Ena anatsikira kukhwawa, koma anapeza dzenje litatsekeka pafupi pomwepo, khwawalo litayamba kale kuyenda madzi. Ena analumphira m'chigwa muja n'kuyamba kukumba pakati.

"Ali pati?" anthu ankamufunsa Martin. Iye ankangoloza uku ndi uku. Munthu akakhala pansi pa nthaka sadziwa kuti pamwamba pake pali chiyani.

"Lekani!" anakuwa Edith. "Tulukanimo, mukuwapondereza! Khalani chete nonse!"

Kaya anali mawu ake kaya nkhope yake, koma amunawo anaima n'kutulukamo. Mvula inali itayamba kuchepa. Edith anayenda chogwada kuzungulira chigwacho, kugwira nsungwi iliyonse imene inali chiimire n'kuikapo khutu. Iyi zii. Iyo zii. Anafika kumtunda, kumzere wa pafupi ndi nyumba, kumene nthaka sinatitimire. Anatola mwala n'kugogoda nsungwi ina ya m'mphepete mwa chigwacho. Anadikira. Panamveka madzi okha akudontha m'masamba. Anagogodanso, mwamphamvu. Ndiye yankho linabwera, lofooka ngati mtima wa mwanapiye ukamagunda m'dzanja: gu... gu.

"Apa," anatero.

Anakumba pamenepo. Matimati amene anali chiimire anawadula ndi makasu n'kumawaponya kunja kwa mpanda. Amayi ankachotsa dothi ndi ndowa ndi mabeseni, Lucia ali pakati pawo akulira osapukuta misozi. Dzenje litapitirira msinkhu wa munthu amuna anasiya mafosholo n'kumakumba ndi manja, mmodzi akatopa wina n'kulowa. Edith anakhala chogwada m'mphepete, dzanja lili pansungwi ija, ndipo nthawi ina kugunda kutaleka sanauze aliyense.

Dzuwa litatuluka m'mitambo, litatsala pang'ono kulowa, chala cha wina chinakhudza mtengo. Zinali mphanda ziwiri zimene pakugwa zinatsamirana, ndipo pansi pake panatsala kampata kakang'ono ngati chisa cha nkhuku. M'kampatamo munali mutu wa Osward, matope atamufika pachifuwa, tochi ikuyakabe pamphumi. Maso anali otsegula. Mwendo wakumanja unali pansi pa chimwala, ndipo atachisuntha amuna ena anayang'ana kumbali.

"Amake Tiwonge," anangotero, n'kukomoka.

Anamunyamula pa ngolo mpaka kumsewu, kumeneko anapeza galimoto yowafikitsa kuchipatala ku Vubwi, ndipo m'mawa mwake anawatumiza ku Chipata. Madokotala anaupulumutsa mwendowo pouika zitsulo, koma ananena poyera kuti sudzaimanso ngati kale. Edith ankagona panja pamodzi ndi anthu ena odwazika, m'mawa n'kumakamusambitsa ndi kumudyetsa. Osward ankangoyang'ana kudenga. Tsiku lina, malungo atatsika, anatembenuza mutu n'kufunsa motsitsa mawu.

"Thumba lija, alamu anatuluka nalo?"

Edith anadzuka, anatola mbale zimene anali atatsuka kale, n'kupita nazo kumpopi.

Mvula itakhazikika anasiya Osward m'manja mwa mlongo wake wochokera ku Sinda, iye n'kupita kumudzi kuti akabzale chimanga. Atatsika ku Vubwi anaitana wa njinga yamoto n'kutchula dzina la mudzi wake.

"Oo, kugolide?" anatero mwamunayo. "Kweraniko, mayi. Masiku ano tikupitako m'mawa mpaka madzulo."

Njira imene kale inkadutsa ngolo zokha inali itakumbika ndi matayala. M'mbali mwa khwawa munali misasa ya mapepala akuda a pulasitiki, utsi ukufuka, nyimbo zikulira. Anamva Chipwitikizi, anamva Chiswahili, anamva Chichewa cha anthu osawadziwa. Amene anakumba pofuna Osward anali ataona zimene zinkatuluka pa mafosholo awo, ndipo nkhani yotere sigona pamudzi umodzi. Kuseri kwa nyumba yake kunalibenso mpanda. Pamene panali munda panali maenje okhaokha, lililonse ndi amuna ake ndi mulu wake wa miyala. Dzenje lina linali pafupi ndi khoma moti munthu ataima m'mphepete mwake akanatha kugwira zenera.

Martin anabwera atavala jombo zatsopano, chipsera chili pamphumi.

"Wabwera, mlongo wanga. Alamu ali bwanji?"

"Anthuwa wawalola ndani?"

"Sindikanatha kuwaletsa. Anabwera okha, m'mawa mwake momwe. Ndinaona kuti bola kugwirizana nawo kusiyana n'kuti atenge chabe. Malowa ndi a mbumba yathu, ndipo woyang'anira mbumba ndine." Anatsokomola n'kuyang'ana kumaenje. "Pali nkhani ina. Mwala uja wakhota. Ukulowera kunyumba."

"Kunyumba kwanga."

"Tidzakumangira ina kumtunda, yabwino kuposa iyi."

Edith analunjika pakhomo pa nyumba yake. Anatsegula chitseko n'kulowa. M'chipinda chogona, khoma lakumbuyo linali litang'aluka kuchokera pansi mpaka pazenera. Anakhala pabedi, ndipo m'kachetechete mmenemo anamva makapu a pashelefu akulira okha, ngwee, ngwee. Patapita kanthawi Lucia analowa ndi madzi akumwa n'kukhala pansi pafupi ndi chitseko. Anali ataonda.

"Akulowabe achimwene?" anafunsa Edith.

"Tsiku lililonse. Ndikanena amati ndikuwatsekera mwayi."

Edith anayesa. Anayenda khomo ndi khomo kwa akuluakulu a mbumba, ndipo onse anamumvera chisoni, koma aliyense anali ndi mwana kapena mkamwini m'maenjemo. Chimanga chija sanabzale. Anamanga katundu wake, anazula malata ndi zitseko, ndipo Osward atatulutsidwa m'chipatala sanabwererenso kumudziko. Anapita ku Sinda, kwawo kwa Osward, kumene abale anawapatsa nyumba ya malemu amalume ake ndi chigawo cha munda. Edith, amene anabadwira ndi kukulira pamudzi wa amayi ake, anakhala mtengwa imvi zitayamba kale kuoneka. Tiwonge atatsekera sukulu anafikira kumeneko, ndipo sanafunse zambiri.

Mwezi wa Januwale mvula inagwa masiku otsatizana osakata. Tsiku limene inapumako Edith anapita kumunda kukapalira. Ali mkati mwa mzere, foni imene anaimanga pansonga ya chitenje inayamba kulira. Anapukuta manja n'kuimasula. Anali Lucia.

"Alamu," anatero Lucia, kenako mawu anamuthera. Kumbuyo kwake kunkamveka anthu ambiri, amuna akuitanizana kuti abwere ndi mafosholo, amayi akulira. "Alamu, bwerani."

Edith sanafunse. Anaika khasu paphewa n'kubwerera kunyumba. Anapeza Osward ali pakhonde, mwendo atauwongola pamphasa. Osward anamuyang'ana nkhope akadali patali.

"Ndani?"

"Achimwene."

Osward anayang'ana mwendo wake nthawi yaitali. Kenako anatambasula dzanja kufuna ndodo zake zoyendera.

"Ndipatseni jekete," anatero. "Simupita nokha."